KUBWERETSA MAKINA AKULU KU MUDZI: SIKELO, CILOLEZO NDI MTENGO WA ULENDO

Mvula ikatha ndipo cimanga cikalowa m'nkhokwe, makabungwe ambiri a alimi ayamba kukambirana za nchito zazikulu za m'cilimwe. Ena afuna damu lomwetsa ng'ombe ndi kuthirira madimba, ena afuna kuzula zitsa pa munda watsopano, ena afuna kukonza njira yopita ku msika. Nchito zotere sizitheka ndi makasu okha, motero anthu asonkha ndalama kuti abwereke katapila kapena makina okumba. Pa msonkhano onse afunsa funso limodzi, lakuti, "Kodi makinawa alipiritsa zingati pa ola?" Koma liripo funso lina limene ambiri aiwala: "Nanga makinawa adzafika bwanji kuno, ndipo ulendowo adzalipira ndani?" Kabungwe kamene sikafunsa funso laciwirili kangathe kuona ndalama zace zitatha damu lisanafike ndi pakati pomwe.

KATAPILA SAYENDA YEKHA PA MSEU

Katapila alibe mawilo a mphira. Ayenda pa maunyolo a citsulo okhala ndi mano, ndipo mano amenewo angagamule tala wa mseu monga khasu ligamula nthaka. Ndiponso ayenda pang'ono-pang'ono, kotero kuti ulendo wa tsiku limodzi pa lole ungamtengere masiku ambiri. Cifukwa cace makina otere anyamulidwa pa ngolo yaitali, yotsika pansi, yokokedwa ndi mutu wa lole. Oyendetsa aicha ngoloyi lobedi.

Lobedi aipanga yotsika kuti katundu asatalike kufikira mawaya a magetsi, ndiponso kuti asapendekeke pokhota. Iri ndi mawilo ambiri kuti kulemera kugawanike. Katapila wa msinkhu wapakati, amene akumba madamu a m'midzi, alemera matani 20 kapena kuposa. Tani imodzi ndiyo matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50. Tsono katapila mmodzi alingana ndi matumba 400, ndipo pamenepo sitinawerenge kulemera kwa lobedi ndi mutu wace.

MALIRE AMENE LAMULO LINAIKA

M'caka ca 2002 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inapanga lamulo la miseu limene linakhazikitsa bungwe la Road Development Agency, lochedwa RDA. Bungwe limeneli ndilo liyang'anira miseu yaikulu ndi milatho, ndipo ndilo lisunga masikelo oyesera magalimoto, monga a pa Kafue, Kapiri Mposhi, Mpika ndi Livingstone.

Lamulo linena kuti lole, ngolo zace ndi katundu wace, zonse pamodzi zisapitirire matani 56, ndiwo matumba 1,120. Utali wa lole ndi ngolo zace usapitirire mamita 22, ndipo m'mimba mwace mukhale pafupi-fupi mamita 2.6. Koma a pa sikelo sayang'ana kulemera kwa lole yonse kokha. Ayesanso ekiselo iri yonse, ndiyo mtanda wa citsulo wogwira mawilo, monga uja muudziwa pa ngolo ya ng'ombe. Ekiselo ya kutsogolo iloledwa matani 8. Ekiselo imodzi ya mawilo anai iloledwa matani 10. Ziwiri zoyandikana ziloledwa matani 18, ndipo zitatu matani 24. Motero lole ingakhale pansi pa matani 56 nkupezekabe yolakwa, ngati katundu waunjikana malo amodzi.

Makina ambiri a nchito zazikulu apyola malire awa. Khasu la kutsogolo kwa katapila kawiri-kawiri lipitirira mamita 3 m'mimba mwace. Makina okolola tirigu, amene aoneka ku mafamu a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, ali otambalala koposa, kotero kuti mbali yodula aicotsa nainyamula payokha.

CIFUKWA CACE BOMA LIUMIRIRA PA SIKELO

Ena aganiza kuti sikelo ndi msampha wopezera ndalama. Si tero ai. Akatswiri a miseu a ku America anamanga miseu yoyesera pafupi ndi tauni ya Ottawa, m'cigawo ca Illinois, nayendetsapo malole olemera mosiyana-siyana kwa zaka ziwiri, kucokera m'caka ca 1958 kufikira 1960. Anapeza cinthu cimene omanga miseu atsatabe kufikira lero: kuonongeka kwa mseu kukula msanga kopambana kukula kwa katundu. Ekiselo ikasenza matani 12 m'malo mwa 10, iononga mseu kawiri. Ikasenza matani 20, iononga nthawi 16. Cotero lole imodzi yopyola muyeso icita pa ulendo umodzi cimene malole ambiri osunga lamulo akadacita onse pamodzi.

Si mseu wokha umene uli pa ngozi. M'caka ca 2003, pa doko la Kazungula, lole yolemera kopyola muyeso inakwera pa pantuni yoolotsa pa mtsinje wa Zambezi. Pantuni inagubuduka ndipo anthu 18 anamira. Tsopano pa malopo pali mlatho wa mamita 923 umene unatsegulidwa m'caka ca 2021, koma phunziro la tsikulo likhalabe. Pantuni ndi mlatho uli wonse ziri ndi muyeso wace, ndipo citsulo sicimva kupepesa.

Ife a kum'mawa tiyenera kuganizira bwino mau awa. Feteleza, mankhwala a ku cipatala ndi katundu wa m'masitolo wocokera ku Lusaka adzera pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Cimanga, nshawa, thonje ndi fodya wathu adzeranso pomwepo popita ku misika. Mlatho umenewo utapweteka, mlimi wa ku Nyimba, Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi ndiye woyamba kumva kuwawa.

CILOLEZO CA KATUNDU WOPOSA MUYESO

Popeza makina ena sangacepetsedwe, lamulo linasiya khomo. Wonyamula katundu wotere apempha cilolezo capadera kwa a RDA ulendo usanayambe. Koma zindikirani kuti cilolezo cimeneci ndi ca katundu amene sangagawike, monga katapila, makina okumba, kapena cosinthira mphamvu ya magetsi. Matumba a cimanga, feteleza, njerwa ndi mcenga zigawika, motero mwini wace ayenera kuzinyamula maulendo awiri.

Kawiri-kawiri wopempha cilolezo ndiye mwini lobedi. Iye alemba mtundu wa katundu, kulemera kwace, utali, m'mimba ndi msinkhu wace, nambala za galimoto, njira imene adzatsata ndi masiku a ulendo. Akatswiri ayang'ana ngati milatho ya m'njiramo ingasenze kulemerako. Akavomera, alemba malamulo a ulendowo pa cilolezo. Katundu wotere ayenda usana, pang'ono-pang'ono, ndi mbendera zofiira ndi cikwangwani cocenjeza. Akakhala wotambalala kwambiri, payenera kukhala galimoto zoperekeza kutsogolo ndi pambuyo, ndipo nthawi zina apolisi. Akakhala wamtali, a ZESCO ayenera kudziwitsidwa za mawaya.

Cilolezo ndi ca galimoto, katundu ndi njira zimene zalembedwapo. Woyendetsa sangapatuke dala kudzera njira yina pofuna kufupikitsa ulendo. Lole yopezeka pa sikelo yopyola muyeso ndi yopanda cilolezo iimitsidwa pomwepo kufikira mwini atalipira cindapusa ndi kukonza colakwaco. Masiku amenewo makina angokhala pa ngolo, ndipo nchito ya ku mudzi iima.

MTENGO WA ULENDO UCOKERA KUTI?

Akulu anati, walira mvula walira matope. Wofuna makina wafunanso mtengo wowabweretsa. Tiyeni tiuwerenge mbali ndi mbali.

Coyamba ndi mtunda. Eni malobedi awerengera makilomita, ndipo awerengera kupita ndi kubwerera, pakuti lobedi ikatsitsa makina ibwerera yopanda kanthu. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupi-fupi 570. Kubweretsa katapila ndi kubwerera ndiwo makilomita 1,140. Nchito ikatha lobedi ibweranso kudzamtenga, ndipo onse pamodzi akwana 2,280. Ici ndico cidabwitsa makabungwe ambiri: anayembekeza kulipira ulendo umodzi, koma mseu wayendedwa kanai.

Caciwiri ndi cilolezo ceni-ceni. Mtengo wace suli umodzi kwa onse. Katundu wolemera koposa alipira zambiri, cifukwa ndiye atopetsa mseu koposa. Mitengo imeneyi isintha, cotero funsani ku ofesi ya RDA m'cigawo canu musanasonkhe ndalama.

Cacitatu ndi msonkho wa pa zipata za mseu, monga cipata ca pa Chongwe. Ndalama zimenezi zipita ku thumba la miseu limene lisungidwa ndi National Road Fund Agency, ndipo galimoto yolemera ilipira koposa yaing'ono.

Cacinai ndi galimoto zoperekeza, mafuta ace, ndi cakudya ndi malo ogona a anthu ace. Popeza katundu wotere sayenda usiku, ulendo umene basi itha tsiku limodzi ungatenge masiku awiri kapena atatu.

Cacisanu ndi inshuwaransi. Makina amodzi aposa mtengo wa zokolola za mudzi wonse za zaka zambiri. Akagwa pa ngolo m'mapiri a ku Luangwa, pamene mseu ukhota-khota, adzalipira ndani? Funso limeneli liyankhidwe pa pepala ulendo usanayambe.

Cacisanu ndi cimodzi ndi kudikira. Lobedi ikafika nipeza njira yotsekeka kapena malo otsitsira osakonzeka, mwini wace awerengera maola kapena masiku amene yaima.

Makina ogulidwa kunja kwa dziko ali ndi mtengo woonjezera. Popeza Zambia alibe nyanja ya mcere, iwo atsikira pa madoko a Dar es Salaam, Beira, Durban kapena Walvis Bay, nalowa pa malire monga Nakonde, Chirundu ndi Kazungula. Dziko liri lonse limene adutsamo lifuna cilolezo cace ndi msonkho wace.

MAKILOMITA OTSIRIZA NDIWO OBVUTA

Mseu wa tala sukhala bvuto lalikulu. Bvuto liyamba pamene lobedi ipatuka kulowa njira ya ku mudzi. Popeza iri yaitali ndi yotsika, mimba yace ikhudza pansi pa citunda cacing'ono, ndipo singakhote pa ngodya yopapatiza. Timilatho ta matabwa ndi mipope ya madzi ya pansi pa mseu anazipangira ngolo za ng'ombe ndi malole ang'ono. Katapila akathyola kamlatho ka pa mtsinje wanu, damu mudzakhala nalo, koma mvula ikadza ana sadzaoloka kupita ku sukulu, odwala sadzafika ku cipatala, ndipo lole ya feteleza idzabwerera pa tsidya.

Cifukwa cace nkwabwino kuti makina atsitsidwe pa malo ouma, olimba ndi osalala, pafupi ndi mseu waukulu, ndipo ayende okha mtunda wotsalawo, naoloke mtsinje pa mcenga wouma m'malo mokwera pa kamlatho. Izi zitheka m'cilimwe cokha, kuyambira Meyi kufikira Okutobala. Kuyambira Novembala kufikira Epulo nthaka ifewa, madambo adzala madzi, ndipo lobedi yotitimira ifuna makina ena odzaikoka, amenenso ali ndi mtengo wace.

ZOYENERA KUCITA KABUNGWE KANU

1. Yambani mwafunsa ngati alipo makina pafupi, kwa Khonsolo, kwa omanga mseu m'dera lanu, kapena kwa alimi akulu. Makina okwera mtengo pa ola koma ali pafupi angacepe mtengo koposa ocokera kutali.

2. Gwirizanani ndi midzi yoyandikana. Madamu atatu akakumbidwa pa ulendo umodzi, mtengo wa lobedi ugawika patatu. Mutu umodzi susenza denga.

3. Pemphani mtengo wolembedwa, wosonyeza padera nchito ya makina, dizilo, ulendo wobwera, ulendo wobwerera, cilolezo, operekeza ndi inshuwaransi.

4. Mlembi wa kabungwe aone cilolezo ndi maso ace. Musabvomere wonyamula amene anena kuti adzayenda usiku kapena adzazemba sikelo kuti mtengo ucepe.

5. Yendani njira yonse ndi woyendetsa lobedi kapena mthenga wace. Yesani m'mimba mwa njira, onani milatho, mawaya, nthambi za mitengo ndi ngodya.

6. Dziwitsani mfumu, anyakwawa, alangizi a zaulimi ndi a Khonsolo. Ngati makina adzadutsa m'munda wa munthu kapena pafupi ndi manda, nkhaniyo ithe tsiku lisanafike.

7. Pa tsiku lofika, ana ndi ziweto akhale kutali. Nthawi yotsitsa makina pa ngolo ndiyo yoopsa koposa, ndipo pasakhale munthu woima m'mbali kapena kumbuyo. Munthu asayese kukweza waya wa magetsi ndi mtengo kapena nsungwi.

Ndipo inu oyenda pa njinga, pa ngolo kapena pa galimoto, mukaona galimoto yoperekeza ndi mbendera zofiira, patukani muime kufikira katundu atapita.

Msungicuma wa kabungwe asatulutse ndalama ya makina asanalembe m'buku mwace mtengo wa ulendo wonse, kupita ndi kubwerera. Ngati ndalama zosonkhedwa sizikwanira nchito ndi ulendo womwe, kuli bwino kudikira caka cimodzi ndi kuitana midzi yina, kusiyana ndi kusiya dzenje losatha limene mvula yoyamba idzakwirira.