Phunziro la Kalabu: Kukonzekera Ukwati Ndalama Zili Zochepa

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, membala aliyense athe:
1. kusiyanitsa zinthu zimene zimamanga banja ndi zimene zimangokometsa phwando;
2. kulemba ndondomeko ya ndalama za ukwati molingana ndi thumba lake;
3. kufotokoza mmene ngongole za ukwati zingaikire banja latsopano pa chiopsezo cha kachirombo ka HIV;
4. kutchula malo a mu Lilongwe kumene anthu otomerana angakayezetse magazi limodzi.

Nthawi: ola limodzi ndi theka. Zofunika: bolodi ndi choko, kapena mapepala aakulu ndi zolembera.

Mawu oyamba

Achinyamata anzathu, mvula ikangokata, Loweruka lililonse misewu ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25 imadzaza ndi mdipiti wa galimoto za ukwati. Timaima m'mbali mwa msewu n'kumaonerera, ndipo ena mumtima amati, "Wanga udzaposa pamenepa." Chimene sitiona n'chakuti ena mwa akwatiwo akafika kunyumba madzulo amakhala atayamba kale kuwerengera ngongole.

Ambiri mwa ife timapeza ndalama kudzera m'maganyu, kabaza, kusoka, kumeta, kumanga tsitsi kapena kugulitsa kaunjika. Mitengo ya zinthu nayo siima malo amodzi. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Nsalu, mafuta ophikira, shuga ndi mafuta a galimoto zidakwera. Chifukwa cha ichi achinyamata ena amabwereka ndalama zimene sangathe kubweza, pamene ena amangolowana osauza makolo, osayezetsa magazi, poganiza kuti ukwati weniweni ndi wa anthu olemera. Phunziro lino likutionetsa njira yachitatu.

Kodi chimamanga banja n'chiyani?

Lamulo loona za ukwati, kutha kwa banja ndi maubale a m'banja la chaka cha 2015 limavomereza mitundu inayi ya ukwati m'Malawi: wa kwa DC kapena kwa mlembi wamkulu wa boma, wa mwambo wa makolo, wa kuchipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu, umene khoti ndi limene limautsimikiza. Lamuloli silitchula holo, keke kapena chiwerengero cha galimoto. Chimene limafuna n'chakuti awiriwo agwirizane mwa kufuna kwawo ndiponso akhale atakwanitsa zaka 18. Mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti ngakhale makolo asakhale ndi mphamvu yololeza mwana wosakwana zaka 18 kulowa m'banja.

Pa mwambo wathu, mutu wa nkhani ndi ankhoswe. Amalume a mbali ziwiri amakumana, kudziwana, kupatsana tambala ndi msoti, ndipo akwati amalandira zipangizo monga nkhwangwa, khasu, mthiko, chipande ndi lichero. Izi zimatheka pakhomo pa makolo, pansi pa mtengo, anthu atakhala pa mphasa. Kwa Achewa kulibe malowolo monga mmene zilili kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena. Popeza m'tauni timakwatirana anthu a mitundu yosiyana, nkhani ya malowolo ikambidwe ndi ankhoswe poyambirira penipeni, ndipo mabanja ambiri amalola kupereka pang'onopang'ono.

Kutchalitchi nako zofunika n'zochepa: kulembetsa, kulandira uphungu wa banja, kulengezedwa pamaso pa mpingo, mboni ndi kalata ya ukwati. Funsani abusa, ansembe kapena ashehe anu; safunsa adadya phula. Mudzapeza kuti ndalama yofunika kumeneko ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya madyerero.

Nanga ndalama zimathera pati?

Masiku ano banja limodzi limatha kuchititsa maphwando anayi: chinkhoswe, bridal shower, send-off ndi ukwati weniweniwo. Phwando lililonse limafuna malo, zokongoletsa, DJ, woyendetsa mwambo, wojambula zithunzi, chakudya ndi zovala zatsopano. Oitanidwa amakhala anthu omwewo, ndipo pofika phwando lachinayi matumba awo amakhala atauma.

Ambiri amadalira perekaniperekani. Amati, "Tibwereke, tidzabweza ndi za muholo." Koma perekaniperekani alibe lonjezo. Ndalama zimaoneka zambiri zikamaulutsidwa chifukwa anthu amasintha zikuluzikulu kukhala zing'onozing'ono kuti avine nthawi yaitali. Makashiya akawerenga, nthawi zina sizikwana ndi mtengo wa holo womwe. Mapleji a pa msonkhano wa komiti nawonso sabwera onse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Njira zisanu ndi ziwiri zochepetsera ndalama

1. Khalani pansi awiriwiri, komiti isanasankhidwe. Aliyense anene zoona za ndalama zimene amapeza ndi ngongole zimene ali nazo. Gwirizanani ndalama imene simudzapitirira, ndipo muuze komiti kuti malire ndi amenewo.

2. Yambani ndi za banja, phwando libwere pambuyo. Patulani kaye ndalama ya lendi ya miyezi itatu, matiresi, mapoto, mbaula, ndowa ndi thumba la chimanga. Ngati muli ndi bizinesi, mpamba wake usakhudzidwe. Zotsalazo ndiye za madyerero.

3. Sungani pang'onopang'ono. Mwachitsanzo, aliyense akamasunga K20,000 pamwezi, pakutha pa miyezi khumi awirinu mudzakhala ndi K400,000. Sungani ku banki, ku banki m'khonde, m'chipereganyu chodalirika, kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, pa nambala yosiyana ndi imene mumagulira mayunitsi.

4. Phatikizani maphwando. Chinkhoswe chichitikire pakhomo ndi achibale okhaokha. Malangizo a mkwatibwi angaperekedwe ndi amayi a mumpingo ndi anamkungwi popanda kubwereka holo.

5. Sankhani malo ndi nthawi mwanzeru. Holo ya mpingo, bwalo la sukulu kapena pakhomo pa wachibale n'zotchipa kuposa malo a m'tauni. Malo akakhala pafupi ndi tchalitchi, galimoto ziwiri zikwana. Miyezi ya pambuyo pa kukolola chakudya chimatsika mtengo kusiyana ndi Disembala kapena Januwale.

6. Gulani kumene timagula masiku onse. Nyemba ndi mtedza pitani ku msika wa Mgona, zamasamba ku Nsungwi kapena ku msika wa kwanu, suti ndi nsapato pa Tsoka. Deresi la ukwati limavalidwa tsiku limodzi, bwerekani. Operekeza akwati akhale ochepa, ndipo telala wa m'dera lanu asoke zovala zimene adzavalenso kutchalitchi.

7. Gwiritsani ntchito manja a anzanu. Mutu umodzi susenza denga. M'kalabu muno muli odziwa kuphika, kukongoletsa, kujambula ndi foni, kuimba ndi kuyendetsa mwambo. Kalabu ingagwirizane kuti membala akamakwatira, mphatso yathu ikhale ntchito ya manja athu.

Kodi ngongole ikukhudzana bwanji ndi HIV?

Tiyerekeze kuti mnyamata wabwereka K200,000 ya katapila, pa mgwirizano woti mwezi uliwonse aonjezerepo theka. Pakutha pa mwezi woyamba ngongole ndi K300,000. Akalephera, ndipo chiwongoladzanja chikawerengedwa pa ndalama yonseyo, mwezi wachiwiri yafika K450,000. Wokongoza amabwera kudzanyamula matiresi, njinga kapena makina osokera, zomwe banjalo limadyera.

Zikafika apa, zinthu zitatu zimatha kuchitika. Choyamba, mwamuna amanyamuka kupita ku Joni kukasaka ndalama, kusiya mkazi wa miyezi itatu m'banja. Anthu okwatirana akatalikirana zaka, mayesero a zibwenzi amakula mbali zonse ziwiri. Chachiwiri, njala ikalowa m'nyumba, mkazi angakopeke ndi abambo a ndalama, ndipo amene akulandira ndalama sakhala ndi mphamvu yonena za kondomu. Chachitatu, mikangano ya ngongole imabweretsa mowa ndi nkhanza, ndipo m'nyumba ya nkhanza anthu sakambirana za kuyezetsa kapena kumwa mankhwala.

Tikumbukenso za usiku wa mchezo ndi madyerero. Kumene mowa wachuluka ndipo magule afika mbandakucha, atsikana ndi anyamata amachita zimene sadakonzekere. Phwando lothera dzuwa lisanalowe limapulumutsa ndalama, limatetezanso alongo ndi abale athu.

Chinthu chaulere chimene chimaposa zonse

Pa ndondomeko yanu, nambala 1 ikhale kuyezetsa magazi limodzi. M'zipatala za boma kuyezetsa HIV n'kwaulere. Mungapite ku chipatala cha Kawale, cha Area 25, cha Area 18, ku Bwaila kumene kuli Martin Preuss Centre, kapena ku Lighthouse pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo.

Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 15 kupita m'tsogolo, 8.9 peresenti adali ndi kachirombo: amayi 10.5 peresenti, abambo 7.1 peresenti. Munthu sadziwika ndi maso. Kukhala wakwaya, wonenepa kapena wa ulemu si umboni. Ena mwa anzathu adabadwa nako ndipo sadagonepo ndi munthu. Mphete siteteza ku kachirombo.

Yezetsani tsiku la ukwati lisanalengezedwe, makadi asanasindikizidwe. Mukayezetsa kutatsala sabata imodzi, ndalama zitalowa kale, mantha a manyazi amatseka pakamwa. Komanso kachirombo kakangolowa kumene m'thupi sikaoneka msanga poyeza, choncho phungu angakuuzeni tsiku loti mudzabwerenso. Pemphaninso kuyezedwa chindoko, ndipo funsani za njira zolera kuti mwana woyamba adzabwere mutakonzeka.

Zotsatira ndi za inu awiri. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo, ndiponso kuulula za mthupi mwa munthu iye asanalole. Komiti ya ukwati ilibe gawo pa nkhaniyi.

Nanga mmodzi akapezeka nako?

Ukwati sukuyenera kutha chifukwa cha ichi. Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene adachitika m'maiko asanu ndi anayi kuphatikizapo kuno ku Lilongwe ndi ku Blantyre, adatsata mabanja 1,763 amene mmodzi adali ndi kachirombo pamene mnzake adalibe. Zotsatira za mu 2011 zidaonetsa kuti kuyamba mankhwala msanga kudachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti. Lero madokotala akutsimikiza kuti munthu amene akumwa ma ARV mwandondomeko mpaka tizirombo tosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana. Kuti afike pamenepo pamatenga miyezi ingapo, ndipo pa nthawiyi banja ligwiritse ntchito makondomu. Amene alibe kachirombo angafunsenso za mankhwala oteteza otchedwa PrEP.

Ana nawo angabadwe opanda kachirombo. Mu 2011 Malawi lidakhala dziko loyamba kuyambitsa ndondomeko ya Option B+, yopereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo, ndipo maiko ena ambiri adatengera kwa ife.

Komabe aliyense ali ndi ufulu wosankha atamva zoona. Cholakwa chachikulu n'kubisa. Onse akapezeka alibe, ntchito yawo ndi kukhulupirika ndi kumayezetsabe nthawi ndi nthawi.

Ntchito ya m'magulu

Gawanani m'magulu a anthu asanu, anyamata ndi atsikana osakanikirana. Tiyerekeze kuti mnyamata wa kabaza wa ku Chinsapo ndi mtsikana wosoka wa ku Area 23 asunga K600,000. Amayi a mtsikana akufuna holo ya m'tauni chifukwa mwana wa mnansi wawo adakwatira kumeneko. Anzake a mnyamata akumuuza kuti abwereke katapila. Awiriwa sadayezetse.

Gulu lililonse lilembe mizere itatu pa pepala: "Zosalephera", "Zabwino ngati ndalama zilipo", "Zosafunika". Ikani chinthu chilichonse cha ukwati pa mzere wake, ndipo gawani K600,000 ija. Kenako anthu atatu achite sewero lalifupi loonetsa mmene awiriwa angalankhulire ndi amayi mwaulemu kudzera mwa amalume.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani ukwati wosalira zambiri timauona ngati wochititsa manyazi? Amatiseka ndani, ndipo iwo adzatithandiza kubweza ngongole?
2. Kodi mtsikana angayambe bwanji nkhani yoyezetsa popanda bwenzi lake kuganiza kuti akumukayikira?
3. Kodi kulowana osadziwitsa ankhoswe kumaika pa mavuto otani mkazi ndi ana, mwamuna akamwalira kapena banja likatha?
4. Mnzanu atakuuzani mwachinsinsi kuti bwenzi lake lapezeka ndi kachirombo, mungamulangize zotani?

Ntchito ya sabata ino

Mamembala awiri apite kwa mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti, ena awiri ku ofesi ya DC, akafunse zofunika polembetsa ukwati ndi ndalama zake. Awiri apite ku msika akalembe mitengo ya mpunga, nkhuku, mafuta ndi nsalu. Awiri apite ku chipatala chapafupi akafunse masiku ndi nthawi imene anthu awiri angayezetse limodzi. Mudzabweretse mayankho pa msonkhano wotsatira, tidzawapachike pa khoma la kalabu kuti aliyense amene akuganiza zomanga banja ayambire pamenepo.