Phunziro la Dzanzi la M'mapazi ndi Mankhwala Ake

Abale athu, ambiri a ife tili ndi anansi amene amapita ku Lilongwe kukalandira mankhwala a chifuwa chachikulu pa chipatala cha Bwaila, m'tauni yakale, pamene panatsegulidwa Martin Preuss Centre m'chaka cha 2006. Ena, atamwa masabata angapo, amadandaula kuti mapazi achita dzanzi, kapena atentha usiku monga aponda makala. Tsono tiyeni tiphunzire chiyambi chake.

Mwa mankhwala aja muli ena otchedwa isoniazid. Amenewa amapha tizilombo ta chifuwacho, komanso amachepetsa m'thupi vitamini B6, imene imasunga mitsempha. Chifukwa chake adokotala amawonjezapo kambulu ka pyridoxine, ndiyo vitamini yomweyo, kawirikawiri mamiligalamu 25 pa tsiku.

Tigwire malangizo atatu awa:

1. Tisapeputse kambuluko poona kuchepa kwake. Timwe monga anatiuzira.

2. Tisawonjezepo mavitamini ogula tokha, poyesa kuti ochuluka ndiwo achiritsa msanga. B6 yopyola muyeso, yomwedwa miyezi yambiri, imawononga mitsempha yomweyo.

3. Dzanzi likayamba, tisaleke mankhwala a chifuwa, koma tibwerere msanga kuchipatala. Pakuti nthenda ya shuga, mowa ndi HIV zimabweretsanso dzanzi, ndipo adokotala ndiwo adziwa kusiyanitsa.

Ndiponso pa nsima yathu pasasowe nyemba, nsinjiro ndi nsomba. Tisamale mapazi athu, abale, pakuti munthu wosamva pamene aponda, munga umamlasa iye osadziwa, ndipo chilonda chikakula, munda wake umagonera.