Linux Mint: Mafunso ndi Mayankho kwa Amene Akuopa Kutaya Mafayilo Awo

Ife amene timaphunzitsa ndi kukonza makompyuta pamalo ano talemba kabuku aka chifukwa funso limodzi silikutha pakhomo pathu. Limabwera ndi mayi wa laputopu yakale, limabwera ndi wophunzira wa ku koleji, limabweranso ndi mlembi wa mpingo atanyamula kompyuta imene muli kaundula yense wa akhristu: "Zinthu zanga sizitayika?" Ofunsa achuluka kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira, chonsecho makompyuta ambiri akale sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna. Werengani kabukuka musanatipatse kompyuta yanu.

1. Kodi Linux Mint n'chiyani?

Ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene imagwira ntchito yomwe Windows imagwira. Sigulitsidwa, ndipo aliyense ndi wololedwa kuikopera, kuigawa ndi kuona mmene anailembera. Batani la mndandanda wa mapulogalamu lili pansi kumanzere, koloko ili pansi kumanja, choncho wozolowera Windows sasochera kwenikweni.

2. Anaipanga ndani?

Anaiyambitsa mu 2006 ndi Clément Lefèbvre wa ku France. Anaimanga pa Ubuntu, imene kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inatulutsa mu 2004, ndipo dzina lakuti Ubuntu ndi lomwe lija ife timati umunthu. Pansi pa zonsezi pali Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba mu 1991. Foni yanu ya Android nayonso imayenda pa Linux.

3. Kodi ilowa m'kompyuta yanga?

Imafuna RAM ya 2GB ndi malo a 20GB, koma kuti muisangalalire pakhale 4GB ndi 100GB. Kompyuta ikhale ya 64-bit. Ngati ndi yofooka, timaika mtundu wa Mint wotchedwa Xfce m'malo mwa wotchedwa Cinnamon. Mint 22, imene inatuluka mu 2024, idzasamalidwa mpaka 2029.

4. Ndikaika Linux Mint, mafayilo anga atayika?

Akhoza kutayika, ndipo sitikubisirani. Koma chimene chimawataya si Linux Mint ikamagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ngozi ili pa mphindi zochepa zoika pulogalamuyo.

Poika, pamabwera tsamba lofunsa chochita ndi hard disk. Chimodzi mwa zosankha chimati "Erase disk and install Linux Mint". Tanthauzo lake ndi lakuti fufuta disiki yonse. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amene anagawa disiki yake kukhala C: ndi D: amaganiza kuti ifufuta C: yokha, poti n'zimene anazolowera pofomata Windows, ndipo D: imene amasungamo zithunzi itsala. Sitsala. C: ndi D: nthawi zambiri zimakhala zipinda ziwiri za nyumba imodzi, ndipo lamuloli limagwetsa nyumba yonse.

Bambo wina anabwera kuno dzuwa litapendeka, laputopu ili m'thumba la pulasitiki. Mphwake anamuikira Mint usiku wathawo, ndipo inkayenda bwino zedi. Anatsegula foda ya Pictures pamaso pathu n'kupeza mulibe kanthu. Anaitseka, n'kuitsegulanso. Mmenemo munali zithunzi za ukwati wa mwana wake ndi za maliro a mayi ake. Tinapulumutsako zina, zopanda mayina, zosakanikirana ndi tizithunzi ta pa intaneti tosawerengeka. Zambiri sizinabwerere. Mnyamatayo sanali woipa mtima. Anangodina mawu a Chingerezi amene sanawamvetse.

Choncho musanachite chilichonse, koperani mafayilo anu pa hard disk ina yakunja kapena pa fulashi, osati pa D:. Mukatero, tengani chimene mwakoperapocho mukachitsegule pa kompyuta ina, muone ndi maso anu kuti mafayilo akutseguka. Kenako chizuleni, chikhale kutali mpaka ntchito itatha.

5. Ndikopere chiyani kwenikweni? Ndimangodziwa Documents.

Documents ndi poyambira chabe. Onani Desktop, chifukwa anthu ambiri ntchito yawo yeniyeni ili pamenepo. Onani Downloads, Pictures, Videos, Music ndi zonse za pa D:. Zimene zimaiwalika kawirikawiri ndi mapasiwedi amene Chrome kapena Firefox imakukumbukirani, makalata a mu Outlook amene amakhala m'fayilo ya .pst, ndi mafayilo a pulogalamu yowerengera ndalama amene amabisala m'mafoda ake. Ngati imelo yanu mumailowa osalemba pasiwedi kwa zaka zitatu, yesani kuikumbukira lero, kompyuta ikadali momwe ilili.

6. Kodi ndingaiyese popanda kukhudza mafayilo anga?

Inde, ndipo ubwino waukulu wa Mint ndi umenewu. Timailemba pa fulashi, n'kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashiyo. Pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri mumadina F12 poyatsa, pa HP F9. Mint imatseguka yonse osalemba kanthu pa hard disk yanu. Yesani Wi-Fi, mawu, kamera ndi printa. Tsegulani kalata yanu ya Word muone mmene ikuonekera. Mukazimitsa n'kuzula fulashi, Windows ibwera monga kale.

Chenjerani ndi zitatu. Fulashi imene tikulembapo Mint imafufutidwa yonse, ndiye musabweretse ya mafayilo anu. Chimene mwalemba poyesapo chimatayika mukazimitsa. Ndipo ngakhale mukungoyesa, Mint imatha kutsegula mafoda a pa hard disk yanu; mukafufuta fayilo mmenemo, yafufutikadi.

7. Ndikufuna Windows ikhalepobe. Zitheka?

Zimatheka. Pali chosankha choika Mint pambali pa Windows, ndipo poyatsa kompyuta mumasankha kumene mukulowa. Nthawi zambiri zimayenda bwino. Komabe kuti Mint ipeze malo, gawo la Windows liyenera kufinyidwa, ndipo magetsi akathima ntchitoyo ili mkati, mafayilo akhoza kuwonongeka. N'chifukwa chake kompyuta ya pa desiki yopanda UPS, kapena laputopu ya batire lakufa, timaikana tsiku limene magetsi akuvutavuta. Musatione ngati amwano.

Ngati disiki yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, pezani kaye nambala yake yotsegulira, ya manambala 48, muilembe papepala. Windows ikhoza kuifunsa ikaona kuti kayatsidwe kasintha, ndipo popanda nambalayo ngakhale ife sitingatsegule. Zimitsaninso Fast Startup mu Windows, apo ayi Mint ikhoza kukana kulemba pa gawo la Windows.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamaopsa anthu: mukachoka ku Mint kulowa mu Windows, koloko ikhoza kutsalira ndi maola awiri. Si vayirasi. Awiriwa amawerenga koloko ya m'kompyuta mosiyana, ndipo nthawi ya kuno ili patsogolo pa nthawi ya padziko lonse (UTC) ndi maola awiri. Zimakonzeka msanga.

8. Ndamva kuti muli Timeshift yobweza zinthu. Ndiye ndikoperenjinso?

Apa pali kusamvana kumene kwatipweteketsa mutu kangapo. Timeshift imajambula mmene pulogalamu yoyendetsa kompyuta ilili, kuti update ikasokoneza zinthu mubwerere pa dzulo. Pa ntchito imeneyo ndi yodalirika ndithu. Koma payokha, sisunga makalata anu, zithunzi kapena nyimbo. Komanso ngati zimene yajambula zili pa disiki yomweyo, disikiyo ikafa zonse zimafera limodzi. Timeshift imateteza Mint. Mafayilo anu muziwateteza nokha powakopera kwina.

9. Makalata anga a Word ndi Excel atseguka?

Atseguka. Mint imabwera ndi LibreOffice: Writer m'malo mwa Word, Calc m'malo mwa Excel, Impress m'malo mwa PowerPoint. Kalata wamba, CV, ndandanda ya malipiro a sukulu, zonsezi sizivuta. Chimene chimasintha nthawi zina ndi maonekedwe. Zilembo za Calibri ndi Cambria ndi za Microsoft ndipo sizibwera ndi Mint, choncho mizere ikhoza kusuntha, tebulo n'kudumphira tsamba lina. Kuika zilembo za Carlito ndi Caladea, zimene ndi zofanana nazo muyeso, kumachepetsa vutoli. Mafayilo a Excel okhala ndi ma macro akhoza kukana kugwira ntchito mokwanira, ndipo a Access musawadalire konse.

Wophunzira amene akulemba lipoti lalikulu la kumapeto kwa maphunziro, lokhala ndi matebulo ambiri, ife timamulangiza kuti amalize kaye pa pulogalamu imene anayambira. Potumiza kalata yofunsira ntchito, itumizeni ngati PDF; imaoneka chimodzimodzi kulikonse. Ngati wolandirayo akufuna kuikonza, sankhani .docx posunga, chifukwa LibreOffice payokha imasunga ngati .odt.

10. Mukuti ndi yaulere. Palibe chobisika?

Pulogalamuyo ndi yaulere, ndipo sidzakuvutitsani kuti "activate". Koma pali zina zimene zingakudyereni ndalama. Kuipanga dawunilodi kumadya pafupifupi 3GB, ngakhale kuno mukhoza kukopera kwa ife. Ma update oyamba akhoza kudya bandulo ndithu, ndipo mapulogalamu ena a mtundu wa Flatpak amakoka mazana a MB ngakhale akuoneka aang'ono. Onani kukula kwake mu Software Manager musanadine. Hard disk yakunja yosungirapo mafayilo ndi yogula, ndipo mtengo wake umasinthasintha. Wokuikirani akhozanso kulipiritsa ntchito ya manja ake. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe.

11. Kodi n'zoona kuti sigwidwa mavayirasi?

Mavayirasi a Windows, monga aja amasandutsa mafoda a pa fulashi kukhala ma shortcut, sagwira ntchito pa Mint. Ndipotu fulashi yotere mukaitsegula pa Mint, mafoda amene "anasowa" aja kawirikawiri amaoneka ali bwinobwino. Koma Mint siyeretsa fulashiyo yokha. Mukhoza kupatsira mnzanu wa Windows inu osadwala. Sikutetezaninso kwa munthu wokunyengererani kuti mumuuze pasiwedi kapena PIN ya ndalama za pa foni. Kachizindikiro ka chishango pansi kumanja kakakuuzani kuti pali ma update, aikeni.

12. Nanga zimene singathe ndi ziti?

Photoshop, CorelDRAW ndi AutoCAD alibe mtundu wa Linux. Alipo GIMP ndi Inkscape, abwino ndithu, koma ngati muli ndi shopu yosindikiza makadi a ukwati ndipo makasitomala amabwera ndi mafayilo a CorelDRAW, khalani pa Windows. Chimodzimodzi ofesi imene mabuku ake a ndalama ali mu pulogalamu ya Windows yokha. Maprinta ambiri a HP amagwira osavuta. Ena, makamaka akale a mitundu ina, amafuna kulimbana nawo, mwina osatheka. Wi-Fi ya Broadcom imafuna driver wa mu Driver Manager, ndiye poyamba mungafunike kulumikiza foni ndi chingwe kuti mupeze intaneti. Chofooka china n'chakuti okonza makompyuta ambiri m'matauni mwathu anazolowera Windows, ndipo ena akaona Mint amangothamangira kufomata.

13. Ndinasunga mafayilo pa Mint, koma ku Windows sakuoneka. Atayika?

Ayi, alipo. Mint imatha kuwerenga gawo la Windows, koma Windows payokha siwerenga gawo la Mint, limene limakhala la mtundu wa ext4. Bwererani ku Mint, muwapeza. Ngati fulashi kapena disiki yakunja inafomatidwa kukhala ext4, Windows ikhoza kukuuzani kuti muifomate kaye. Kanani. Mukavomera, ndiye kuti mwataya zimene zinali zisanatayike. Fulashi yoyenda pakati pa makompyuta osiyanasiyana ikhale ya exFAT kapena FAT32, pokumbukira kuti FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4GB.

14. Ndafufuta kale disiki yonse. Pali chiyembekezo?

Mwina, koma sitingalonjeze. Zimitsani kompyutayo pompano. Musaike ma update, musakopere kanthu, musaonerepo ngakhale kanema mmodzi, chifukwa chilichonse chatsopano chimalembedwa pamwamba pa zakale. Pali mapulogalamu monga TestDisk ndi PhotoRec amene nthawi zina amabweza zina. Pa hard disk yakale yozungulira mwayi umakhalapo. Pa SSD ndi wochepa kwambiri. Ntchitoyi imatenga maola ambiri, imafuna disiki ina yolandirira, ndipo ingakhale ndi mtengo ngakhale zotsatira zake zitakhala zochepa.

15. Ndikaida, ndingabwerere ku Windows osataya kanthu?

Mungabwerere, koma ngozi ya pa funso 4 imabweranso, ulendo uno mobwerera. Kuika Windows kukhoza kufufuta gawo la Mint ndi zonse zimene mwalemba chisinthireni, ndiye koperaninso kaye. Malaputopu ambiri amene anagulitsidwa ndi Windows 8 kapena yaposachedwapa ali ndi laisensi mkati mwake, koma ogulidwa pa kaunjika sitingawatsimikizire. Laisensi ya Office ndi nkhani ina. Ngati mulibe akaunti kapena nambala yake, mwina siibwerera.

16. Ngati mumadziwa ntchito yanu, bwanji mukundisainitsa pepala loti ndakopera mafayilo anga?

Ena akhumudwa nalo pepalali, ndipo tikumvetsa. Sitikuthawa udindo wa ntchito ya manja athu. Koma disiki ya zaka khumi ikhoza kufa tsiku lililonse, ngakhale ili m'manja mwathu, ndipo sitingadziwe zonse zimene mumasunga ndi kumene munaziika. Pepalalo lili ndi mizere itatu: mafoda amene mwakopera, kumene mwawakopera, ndi kompyuta imene mwawatsegulirapo poyesa. Mzere wachitatu ukakhala wopanda kanthu, tidzakhala nanu pansi, titsegule mafayilowo limodzi pa kompyuta yathu, kenako ndi pamene tiyambe kuika Mint.