Zokambirana za Chilolezo Chogwirira Ntchito ku Britain

Wofunsa: Kodi munthu wamaphunziro wochokera kunja amafunika chiyani kuti aloledwe kugwira ntchito ku Britain?

Mlangizi: Amafunika viza ya ntchito, ndipo yomwe ambiri amalowera imatchedwa Skilled Worker. Inayamba kumapeto kwa chaka cha 2020, Britain itatuluka mu European Union. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, wochokera ku France ndi wochokera ku Malawi amayesedwa ndi muyeso umodzi. Mfundo yaikulu ndi yakuti vizayi imamangidwa pa ntchito imodzi komanso pa wolemba ntchito mmodzi. Munthu sayamba watenga chilolezo kuti akasake ntchito akafika. Ntchito ndiyo imatsogola, chilolezo chimatsatira.

Wofunsa: Ndiye kuti kampani iliyonse ya kumeneko ingathe kuitana munthu?

Mlangizi: Ayi. Ndi okhawo olemba ntchito amene ali ndi laisensi yochokera ku Home Office, unduna woona za anthu olowa ndi kutuluka m'dzikolo. Mayina awo boma limawaika poyera pa intaneti, ndipo aliyense angathe kuwaona kwaulere. Wolemba ntchito akasankha munthu, amamupatsa Certificate of Sponsorship. Ngakhale ili ndi dzina lotero, si pepala ayi, koma nambala yosungidwa pa kompyuta, yosonyeza mtundu wa ntchito, malipiro ndi tsiku loyamba. Wopempha viza ayenera kuigwiritsa ntchito pasanathe miyezi itatu chiilandirireni.

Wofunsa: Nanga boma limayang'ana chiyani pa ntchito imene munthu wapezayo?

Mlangizi: Limayang'ana msinkhu wa ntchito ndi malipiro ake. Kuyambira pa 22 Julaye 2025, ntchito zambiri zimafunika kukhala za msinkhu wa digiri. Malipiro nawonso akhala akukwezedwa: malire anali mapaundi 26,200 pachaka, mu Epulo 2024 anafika pa 38,700, ndipo mu Julaye 2025 anafika pa 41,700. Kuwonjezera apo, ntchito iliyonse ili ndi malipiro ake oyenera amene boma linalemba, ndipo wolemba ntchito ayenera kulipira ndalama yomwe ili yokwerapo pa ziwirizi. Cholinga n'chakuti makampani asamaitane alendo pofuna antchito otsika mtengo, n'kusiya eni dziko. Achinyamata ongoyamba kumene ntchito komanso anthu ena amene ali ndi digiri ya PhD amaloledwa ndi malipiro ocheperapo.

Wofunsa: Ndi ntchito ziti zimene anthu akufunika kwambiri?

Mlangizi: Zaumoyo ndizo zili patsogolo. Zipatala za boma, zomwe zili pansi pa NHS, zakhala zikudalira madokotala, anamwino ndi azamba ochokera kunja kuyambira pamene bungweli linakhazikitsidwa mu 1948. Anthu a kumeneko akukhala ndi moyo nthawi yaitali, okalamba akuchuluka, ndipo sukulu za m'dzikolo sizitulutsa anamwino okwanira. N'chifukwa chake mu 2020 boma linatsegula viza yapadera ya Health and Care Worker. Ndi yotsikirapo mtengo, malipiro ake amatsata masikelo a NHS, ndipo mwini wake salipira msonkho wa zaumoyo umene alendo ena amalipira, womwe kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi mapaundi 1,035 pachaka kwa munthu wamkulu. Kunja kwa chipatala, amene amapeza mwayi kawirikawiri ndi akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta, mainjiniya, ndi aphunzitsi a ku sekondale a masamu ndi sayansi. Bungwe la Migration Advisory Committee ndilo limalangiza boma za ntchito zimene zikusowa anthu, ndipo mndandanda wake umasintha pafupipafupi.

Wofunsa: Anthu ambiri ankapita kukasamalira okalamba. Kodi khomo limenelo likadali lotsegula?

Mlangizi: Linatsekedwa. Ntchito imeneyi inalowa m'gulu lololedwa mu Febuluwale 2022, ndipo anthu miyandamiyanda ochokera ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi maiko ena anapita. Koma chinyengo chinachuluka. Ena ankalipira ndalama zankhaninkhani kwa madobadoba, n'kukapeza kuti ntchito palibe, kapena maola ake ndi ochepa moti sangalipire lendi. Pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024, Home Office inalanda malaisensi oposa 470 kwa makampani osamalira anthu. Mu Malichi 2024 antchito amenewa analetsedwa kubweretsa mabanja awo, ndipo pa 22 Julaye 2025 boma linasiya kulandira opempha atsopano ochokera kunja. Choncho aliyense amene akulonjeza lero ntchito yosamalira okalamba kwa munthu amene ali ku Lilongwe kapena ku Lusaka akugulitsa chinthu chimene kulibe.

Wofunsa: Namwino amene anaphunzira kwawo, satifiketi yake imavomerezeka ikangofika?

Mlangizi: Siivomerezeka yokha. Namwino kapena mzamba ayenera kulembetsa ku Nursing and Midwifery Council. Amayamba ndi mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET. Pa IELTS pamafunika 7 pa kuwerenga, kumva ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Kenako amalemba mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, omwe angathe kulembera kunja kwa Britain. Omaliza ndi OSCE, mayeso osonyeza luso pochita, ndipo amenewa amachitikira ku Britain komweko. Madokotala amalembetsa ku General Medical Council, ambiri mwa iwo kudzera m'mayeso a PLAB. Zonsezi zimadya miyezi yambiri ndi ndalama, choncho wanzeru amayamba ndi zimenezi asanalembe kalata yofunsira ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wofunsa: Pamamveka kuti anamwino a ku Malawi ndi oletsedwa. Zoona zake ndi ziti?

Mlangizi: Choletsedwa ndi kukopa, osati kupita. Bungwe la World Health Organization lili ndi mndandanda wa maiko amene ali ndi antchito a zaumoyo ochepa kwambiri. Wa chaka cha 2023 uli ndi maiko 55, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe alimo. Malamulo a Britain salola zipatala kapena makampani ofunira anthu ntchito kupita m'maiko amenewa kukalengeza ntchito ndi kusonkhanitsa anamwino. Koma namwino amene waona yekha ntchito yolengezedwa n'kufunsira mwachindunji kwa wolemba ntchito saletsedwa. Chifukwa cha lamuloli n'chomveka: namwino mmodzi akachoka pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, midzi yambiri imatsala pamavuto, ndipo dziko losauka limakhala laphunzitsira dziko lolemera.

Wofunsa: Ntchito ikapezeka, chimatsala n'chiyani?

Mlangizi: Pamatsala kupempha viza pa intaneti, kulipira, ndi kukajambulitsa nkhope ndi zidindo za zala. Pamafunika pasipoti, umboni wa Chingerezi, ndi satifiketi yosonyeza kuti munthu alibe chifuwa chachikulu cha TB, yochokera ku chipatala chimene Home Office inavomereza. Ogwira ntchito ndi odwala kapena ana amafunikanso kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe milandu. Mu akaunti ya kubanki muyenera kukhala mapaundi 1,270 kwa masiku 28 otsatizana, pokhapokha ngati wolemba ntchito walonjeza kumusamalira mwezi woyamba.

Wofunsa: Kodi wachinyengo amadziwika bwanji?

Mlangizi: Amadziwika ndi kupempha ndalama. Lamulo la Britain la 1973 limaletsa makampani ofunira anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchito, ndipo mtengo wa Certificate of Sponsorship ndi wa wolemba ntchito, osati wa wantchito. Chizindikiro china ndi ntchito yobwera pa WhatsApp kapena pa Facebook popanda kufunsidwa mafunso. Chinanso ndi malangizo akuti munthu alowe ndi viza yokacheza kuti akasinthire komweko. Viza yokacheza silola kugwira ntchito, ndipo singasinthidwe kukhala ya ntchito munthu ali m'dzikomo. Wogwidwa ndi mapepala abodza angathe kukanizidwa viza kwa zaka 10.

Wofunsa: Nanga akafika, ufulu wake umalekeza pati?

Mlangizi: Malamulo a ntchito amamuteteza mofanana ndi mnzake wobadwira komweko, ndipo palibe bwana amene ali ndi ufulu womusungira pasipoti. Komabe sapatsidwa chithandizo cha ndalama chimene boma limapereka kwa eni dziko. Akafuna kusintha wolemba ntchito, amafunika Certificate of Sponsorship yatsopano ndi kupemphanso viza. Ntchito ikatha, kapena kampani ikalandidwa laisensi, nthawi zambiri amapatsidwa masiku 60 kuti apeze wolemba ntchito wina kapena atuluke m'dzikolo. Kwa zaka zambiri, munthu wokhala zaka zisanu pa viza imeneyi ankatha kupempha chilolezo chokhala mpaka kalekale, koma mu Meyi 2025 boma linalengeza maganizo okweza nthawiyi kufika pa zaka 10. Popeza malamulowa amasintha kawirikawiri, wopempha ayenera kuwerenga zimene Home Office yalemba pa nthawi imene akupemphayo asanalipire ndalama iliyonse.