Phunziro: Kuzindikira mbalame yachilendo pa damu la nsomba

Cholinga cha phunziro

Kuno ku Nthalire tili pafupi ndi nkhalango ya Nyika, ndipo mbalame za m'madzi zimafika m'madamu mwathu. Mukaona mbalame yachilendo ikumira ndi kuvuuka pa damu lanu, musathamangire legeni. Zina zimatha nsomba, zina siziwononga kwenikweni. Yambani mwaizindikira.

Zofunika: kope, pensulo ndi wotchi kapena foni.

Zochita

Gawanikani m'magulu a anthu asanu. Pitani ku damu m'mamawa, khalani chete patali ndipo lembani izi:

1. Kodi ndi yaikulu bwanji poyerekeza ndi nkhunda kapena bakha?
2. Mlomo wake ndi woongoka kapena wopindika kunsonga?
3. Khosi ndi mchira ndi zazitali kapena zazifupi?
4. Ikavuuka, yanyamula chiyani kukamwa?
5. Ikatuluka m'madzi imatani?

Mbalame zitatu zomwe zimasokoneza

Yoyamba ndi kambalame komwe mabuku a Chingerezi amati little grebe. Kutalika kwake sikufika masentimita 30. Kamaoneka ngati mwana wa bakha wopanda mchira, koma mlomo wake ndi waufupi ndi wosongoka. Nthawi yoswana masaya ndi khosi zimafiira. Kamadya kwambiri tizilombo ta m'madzi, kuphatikizapo ana a tombolombo omwe amagwira tinsomba tongoswedwa kumene. Nsomba zazikulu sikangazimeze, choncho kasiyeni. Samalani damu la mbewu lokha chifukwa tinsomba tating'ono kamadya.

Yachiwiri ndi mphipi. Ndi yakuda, yotalika pafupifupi theka la mita, mchira wautali, mlomo wopindika kunsonga ngati mbedza. Ikatuluka m'madzi imatera pa chitsa kapena pa mwala n'kutambasula mapiko kuti aume. Chakudya chake chachikulu ndi nsomba, ndipo ikapeza damu la makumba kapena chilunguni imabwerabwera.

Yachitatu mabuku amati African darter. Imatalika pafupifupi masentimita 80. Posambira thupi lonse limabisika, khosi lokha n'kumaoneka ngati njoka. Mlomo wake ndi woongoka ngati mkondo ndipo imabaya nawo nsomba. Nayonso imayanika mapiko. Mukapeza nsomba zili ndi mabala obayidwa, iganizireni imeneyi.

Kumbukirani: yoyanika mapiko ndiyo yofunika kuitchingira damu.

Kuteteza nsomba

• Mangani zingwe modutsa pamwamba pa damu kuti mbalame ivutike potera ndi pouluka.
• Phimbani damu la mbewu ndi ukonde.
• Thirani manyowa kuti madzi abiriwire, mbalame isaone nsomba mosavuta.
• Ikani nthambi kapena nsungwi pansi pa madzi kuti nsomba zipeze pobisala.
• Chotsani zitsa ndi mitengo youma yoyandikana ndi damu.

Musathire poizoni. Amapha nsomba zomwe mukutetezazo, ziweto zomwa madziwo ngakhalenso anthu. Mukapeza mbalame zakufa zokha pafupi ndi madzi, musazigwire kapena kuzidya. Dziwitsani mlangizi wa ziweto msanga, chifukwa mbalame zam'tchire zimatha kupatsira nkhuku matenda.

Mafunso okambirana

1. Mbalame yomwe gulu lanu laona ikufanana ndi iti mwa zitatuzi?
2. Akuluakulu kwanuko amaitchula chiyani m'Chitumbuka?
3. Ndi njira iti yomwe mungayambe sabata ino osagula kanthu?

Jambulani mbalameyo m'kope ndipo mudzafotokozere anzanu tikadzakumananso.