Phunziro: Madzi Oyera M'maso Atha Kukhala ndi Poizoni



Ku madrasa tinaphunzira kuti madzi ochitira wudhu timawayesa ndi zinthu zitatu: mtundu, fungo ndi kakomedwe. Najisi ikasintha chimodzi mwa izi, madziwo sayenera pa twahara. Koma tikafuna kudziwa ngati madzi ali abwino kumwa, maso, mphuno ndi lilime zimatha kutinamiza. Phunziro lathu likukamba za mankhwala amene sasintha chilichonse mwa zitatuzi, ndi milandu imene anthu anasuma atawamwa.

Mankhwala osatha

PFAS ndi gulu la mankhwala masauzande ambiri amene mafakitale akhala akupanga kuyambira m'ma 1940. Amawaika ku mapoto osamatirira chakudya, ku zovala zosalowa madzi, ku mapepala okulungira zakudya zamafuta ndi mu thovu lozimitsira moto. Inu ophunzira Chemistry, dziwani kuti kaboni ndi fluorine zikagwirana, n'zovuta kwambiri kuzilekanitsa. Dzuwa, mvula ndi tizilombo towoletsa zinthu m'nthaka zimalephera. N'chifukwa chake amatchedwa mankhwala osatha. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizilombo ta kolera, koma sikuchotsa PFAS. Ena mwa mankhwalawa akalowa m'thupi amakhala m'magazi zaka zambiri.

Mlandu wa ku Parkersburg

Ku Parkersburg, m'chigawo cha West Virginia ku America, kunali mlimi dzina lake Wilbur Tennant. Ng'ombe zake zinkamwa mu kamtsinje kochokera pamalo pamene kampani ya DuPont inkatayira zinyalala, ndipo zoposa 100 zinafa. Iye anajambula zonse pa vidiyo, ndipo mu 1999 loya Robert Bilott anamusumira mlandu. Khothi litalamula kampaniyo kutulutsa zikalata zake, zinaululika kuti inadziwa kwa zaka zambiri za kuopsa kwa PFOA, mtundu umodzi wa PFAS, komanso kuti mankhwalawo anali atalowa m'madzi akumwa a m'deralo.

Mu 2001 anthu okhala kumeneko anasuma mlandu umodzi monga gulu. Magazi a anthu pafupifupi 69,000 anayezedwa, ndipo pofika 2012 akatswiri anapeza kuti PFOA ikukhudzana ndi matenda asanu ndi amodzi, kuphatikizapo khansa ya impso ndi kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Mu 2017 DuPont ndi Chemours anavomera kulipira madola 671 miliyoni pa milandu pafupifupi 3,500. Tennant sanazione izi, anali atamwalira mu 2009. Mu 2023 kampani ina, 3M, inavomera kupereka madola 10.3 biliyoni kwa mabungwe ogawa madzi ku America.

Mlandu wa kuno kwathu

Mu July 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anatunga pa mipopi yawo madzi osakanikirana ndi zonyansa za mu suweji. Awa sanali PFAS, ndipo fungo lokha linaulula. Anthuwo anasumira Lilongwe Water Board, khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi Malawi Housing Corporation ku High Court, ndipo patapita zaka khothi linagamula kuti alandire chipukutamisozi. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo, komanso wokadandaula ku khothi ufuluwo ukaphwanyidwa.

Tikuphunzirapo chiyani?

Choyamba, mlandu umayenda ndi umboni. Tennant akanangodandaula pakamwa, palibe akanamumvera. Chachiwiri, anthu wamba amamveka akasuma pamodzi. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, chigamulo chimabwera mochedwa. Kuchokera 1999 kufika 2017 ndi zaka 18. Ndalama zinaperekedwa, koma sizinachotse poizoni m'magazi a omwe anamwa.

Kuno ku Lobi kulibe fakitale ya PFAS. Chomwe tili nacho pafupi ndi mankhwala omwe timapopera kachewere, tomato ndi kabichi m'madimba athu, m'mbali mwa madzi omwewo amene ena amamwa. Mtumiki Muhammad (SAW) analetsa kudetsa malo otungapo madzi. Amene amatsukira sipuleya mu mtsinje akudetsa madzi a m'bale wake wa kumunsi, ngakhale madziwo azioneka oyera. Choncho tigwirizane izi:

1. Sipuleya tizitsukira kumunda, kutali ndi mtsinje, chitsime ndi mjigo.
2. Botolo la mankhwala tisasungiremo madzi, mchere kapena mafuta ophikira, ngakhale titalitsuka.
3. Chimbudzi ndi dzenje la zinyalala zikhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa chitsime, ndipo zikhale chakumunsi.
4. Komiti ya mzikiti ndi ya mjigo zikhale ndi kope lolembamo tsiku limene madzi asintha, nsomba zafa kapena ana ambiri atsegula m'mimba nthawi imodzi. Kopelo lizionetsedwa kwa alangizi a zaumoyo ndi ku ofesi ya zamadzi ku Dedza.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. N'chifukwa chiyani kuwiritsa madzi kumateteza ku kolera koma osati ku PFAS?
2. Mlandu wa ku Parkersburg ndi wa ku Area 18 ikufanana pati, nanga ikusiyana pati?
3. Pitani pomwe banja lanu limatunga madzi, muyende mapazi 50 mbali zonse, mulembe chilichonse chimene chingadetse madziwo. Mubwere nazo Lolemba, insha Allah.