Musanakangane pa Yankho, Gwirizanani za Ndowa

Funso: Ndangoyamba kumene ntchito yothandiza pa kafukufuku mu dipatimenti ya masamu. Abwana anandipatsa gulupu ina kuti ndipeze Scott rank yake, koma nambala yomwe ndapeza yasiyana ndi yawo. Ndikuopa kuwauza kuti alakwitsa, komanso sindikuona pamene ndaphonya ineyo. Nditani?

Yankho: Khazikani mtima pansi. N’kutheka kuti palibe amene walakwa. Pamsika anthu awiri akhoza kugula chimanga cha ndowa imodzi aliyense, koma matumba awo n’kusiyana kulemera, chifukwa ndowazo sizinali zofanana. M’ntchito yanuyi ndowa zilipo zingapo.

Kumbukirani kumene muyezowu unachokera. Ziganizo wamba za lojiki zimakhala ndi mathero, ndipo zimalephera kusiyanitsa zinthu zina. Gulupu ya manambala athunthu, Z, ndi gulupu ya Z⊕Q (Q ndi manambala a mafulakishoni) n’zosiyana, koma palibe chiganizo wamba chomwe chingazilekanitse. Mukalola mawu akuti “kapena” kubwerezedwa kosatha, vutolo latha: mutha kunena kuti pali x woti y aliyense ndi 0, kapena x, kapena −x, kapena 2x, mpaka kalekale. Mu 1965 Dana Scott anatsimikizira kuti chinthu chilichonse cha masamu chokhala ndi ziwalo zowerengeka chili ndi chiganizo chotere chofotokoza icho chokha pakati pa zinzake zowerengeka. Kuvuta kwa chinthucho timakuyeza poona kuti “pali” ndi “aliyense” asinthana kangati m’chiganizocho.

Apa ndi pamene ndowa zinachulukira. Akatswiri anatanthauzira Scott rank m’njira zosiyana, ndipo buku la Chris Ash ndi Julia Knight la mu 2000 limatchula njira zingapo. Mu 2015 Antonio Montalbán anapereka tanthauzo lomwe ambiri akutsata lero. Choncho mawa m’mawa musanyamule nambala yokha. Lembani pamwamba pa pepala tanthauzo lomwe mwagwiritsa ntchito, kenaka mugogode pa ofesi yawo n’kufunsa mwaulemu kuti: “Bwana, ine ndatsata tanthauzo ili, kodi inu munatsata liti?” Funso lotere silichotsa munthu ulemu, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Ngati ndowa yanu ndi yawo zili zofanana, yang’anani chinthu chachiwiri, chomwe chimagwetsa ongoyamba kumene ambiri. Kupeza chiganizo ndi theka chabe la ntchito. Chiganizo cha Z chomangidwa pa chomwe ndalemba pamwambapa chili pa mlingo wa Σ3, ndipo gulupu iliyonse yomwe ziwalo zake zonse zimachokera ku ziwalo zochepa ili nacho chotere. Koma sichophweka kuposa zonse. Knight ndi Vikram Saraph anaonetsa kuti magulupu otere, akakhala a mtundu wa Abel, ali ndi chiganizo chopepukirapo cha d-Σ2. Ndipo musaganize kuti zimatheka paliponse: Matthew Harrison-Trainor ndi Meng-Che Ho anamanga gulupu yochokera ku ziwalo zochepa yomwe singatsike pansi pa Σ3. Ndiye dzifunseni moona mtima: kodi mwatsimikizira kuti chiganizo chophwekerapo kulibe, kapena mwangotopa kufufuza? Lipoti lanu muligawe pawiri. Mbali ina ikhale ya chiganizo chomwe mwapeza, ina ikhale ya umboni woti palibe chopepuka kuposa icho. Mbali yachiwiriyo ikakhala yopanda kanthu, lembani poyera kuti nambala yanu ndi malire a pamwamba chabe.

Musanapite kwa abwana, yesani njira yanu pa chinthu chodziwika kale. Tengani manambala a Q pa mndandanda wa kukula kwawo. Cantor anaufotokoza kale mu 1895, ndipo chiganizo chake ndi cha Π2. Njira yanu ikapereka yankho lina pamenepo, vuto lili pa tebulo lanu.

Mukachita zonsezi n’kupeza kuti abwana ndiwo anaphonya, auzeni muli awiri, pepala lili patsogolo, chala chili pa mzere womwe wavuta. Musadikire semina pomwe pali anthu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mkulu wa kafukufuku wanzeru amakondwera ndi womuthandiza amene wagwira cholakwa pepala lisanapite kwa osindikiza.